Masitolo akuluakulu ndi mwayi wa ntchito m'dziko muno

Pamene kampani ya Shoprite ya ku South Africa idatsegula sitolo ku Chichiri mumzinda wa Blantyre m'chaka cha 2001, ambiri adayembekezera kuti ulova uchepa. Ntchito zidapezekadi, monga za olandira ndalama, oyala katundu, ophika buledi ndi alonda, ndipo nthambi zina zidatsegulidwa ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Komabe ntchito za m'sitolo n'zochepa poyerekeza ndi zomwe zingabadwe kumunda. Sitolo ikamagula tomato wa ku Ntcheu kapena mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, mlimi, wolongedza ndi woyendetsa galimoto onse amapeza chochita. Ikamaitanitsa katundu kunja, ntchitozo zimatsalira komweko, uku ikufuna ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale.

Ntchito zodalira katundu wakunja sizikhalanso zokhazikika. Mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti mu 2023, ndipo mu 2025 Shoprite idalengeza zogulitsa masitolo ake asanu a m'dziko muno.

Choncho maofesala opereka ziphaso za malonda asamangowerenga anthu olembedwa ntchito pa tsiku lotsegulira. Adzifunsanso kuchuluka kwa katundu yemwe sitoloyo idzagule kwa alimi ndi makampani akuno, monga momwe ndondomeko ya Buy Malawi ya 2016 imalimbikitsira.