Kapinga wa ku Ulaya pa puloti ya ku Chinsapo

Masiku ano munthu akalipira pulani ya nyumba sakhutira ndi mizere ya papepala. Amafunanso chithunzi cha 3D choti atumizire achimwene ake ku Joni pa WhatsApp, kuti ndalama ya simenti ibwere msanga. Anyamata athu a SketchUp, ArchiCAD ndi Lumion ntchito amaitha, zimenezo sindikutsutsa. Dandaulo langa lili pa zimene amaika kuseri ndi m'mbali mwa nyumbayo.

Kapinga wobiriwira mpaka polekezera maso, mitengo ya paini, mzungu akuyendetsa galu, msewu wa phula wopanda ndi dzenje limodzi lomwe. Ukafunsa kuti pulotiyo ili kuti, akuti ku Chinsapo. Zimachitika chonchi chifukwa mapulogalamuwa amabwera ndi mitengo, anthu ndi mitambo yakeyake, ndiye wojambula amangotola zomwe zili pafupi n'kumata.

Zikanakhala zokongoletsa chabe ndikanangoseka. Koma taganizirani za dzuwa. Lilongwe ili madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa Equator, choncho mu Juni ndi Julayi dzuwa la masana limapendekera kumpoto, pamene ku Ulaya limapendekera kummwera chaka chonse. Wojambula akapanda kuiuza kompyuta kumene kuli pulotiyo ndi kumene kuli kumpoto, mthunzi umagwera kolakwika. Mwini nyumba amaona khonde lozizira bwino pachithunzi, n'kudzazindikira atalowa kale kuti windo lalikulu la chipinda chake chogona layang'ana kumadzulo, ndipo mu Okutobala simugoneka.

Mankhwala ake ndi otchipa. Kwerani kabaza, kafikeni pamalopo. Jambulani mutaimirira, foni ili molingana ndi maso, m'mawa komanso dzuwa litapendeka. Pakompyuta ikani kamera pa msinkhu womwewo, kuti nyumba isaoneke ngati ikuyandama, ndipo mthunzi wake ugwere mbali imene wagwera wa polo ya ESCOM ili pachithunzipo. Dothi likhale lofiira monga liliri. Mtengo wa mango usiyeni, mwina mwini wake akauona pafupi ndi khitchini sadzaudula. Mpanda wa aneba, chimbudzi chawo chomwe chatsamira malire, kanjira kopita kukiyosiki ya madzi, zonsezi zioneke, pakuti ndi zimene zimauza munthu koika windo ndi geti.

Chachikulu koposa ndi kutsetsereka kwa malo. Pakompyuta nthaka imakhala yosalala, koma anthu a ku Kawale ndi Biwi sanaiwale madzi osefukira a mu Disembala 2017. Chithunzi chosonyeza ngalande ndi kumene madzi a mvula amathamangira chimapangitsa munthu kufunsa za kutalika kwa maziko asanagule njerwa.

Ojambula ena amati chithunzi choona sichikopa kasitomala; ukamuonetsa fumbi la ku Mgona amapita kwa mnzako wa kapinga uja. Ndikuwamvetsa, nawonso akusaka ya ufa. Apange ziwiri tsono: china cha mmene pakhomo padzakhalire maluwa ndi mitengo zikadzakula, china cha mmene padzaonekere tsiku lolowa. Ndipo inu achimwene a ku Joni, musanatumize ndalama, itanitsani chachiwiricho, ndipo mufunse kuti mthunzi umene mukuuonawo ndi wa mwezi uti ndi nthawi yanji.