Madzi Obisala m'Makina Ochapira

Ku Elkhart, mzinda wa m'boma la Indiana ku America, kumene amapanga zambiri mwa galimoto zija zokhala ndi kama, khitchini ndi bafa m'kati mwake, zimene eni ake amazitcha motorhome, amisiri anafika poikamo ngakhale makina amodzi ochapa zovala ndi kuziumitsa. Koma walira mvula walira matope, pakuti iye amene wakonda kuyenda ndi makina otere wadzisenzetsanso udindo wowatchinjiriza ku chisanu chimene, kuyambira Novembala kufikira Malichi, chimagwa mopanda chifundo ku Minnesota ndi ku Ontario.

Mlandu wonse uli pa khalidwe la madzi, amene pofika pa madigiri 0 amaundana, ndipo poundanapo amafufuma ndi magawo ngati 9 pa 100 alionse, kotero kuti chowatsekereza chilichonse, chikhale cha pulasitiki kapena cha mkuwa, chimatha kung'aluka. Mwini galimoto wosamala amakhuthula mathanki, natsegula mipope yonse, napopera mphepo m'mapaipi kufikira atauma gwaa, ndipo akasuzumira mumgolo wa makinawo n'kupeza mulibe ngakhale dontho, mtima wake umakhala pansi. Apa mpamene ambiri amapunthwa. Mavavu a kumbuyo kwa makina, la madzi otentha ndi la madzi ozizira, satseguka pokhapokha magetsi atawalamula, motero mphepo ija imangogogoda pakhomo lotseka n'kubwerera, madzi ali chikhalire. Ndipo pansi penipeni, m'kapampu kotulutsa madzi akuda, mumatsala ena amene diso silingawaone.

Amene amaidziwa ntchitoyi amagula mankhwala apinki otchedwa antifreeze, opangidwira mapaipi a madzi akumwa, omwe kawirikawiri amakhala a propylene glycol. Ndipo pano ndichenjeze mwamphamvu kuti a mu injini aja, a ethylene glycol, ndi poizoni wozuna pa lilime amene wapha agalu ambiri, ndipo asayandikire konse mpope wa m'nyumba. Odziwa ntchito aja akayamba atseka njira yopita ku thanki yotenthetsera madzi, kuopa kuti ingameze magaloni 6 kapena 10 pachabe, amakoka mankhwala apinkiwo ndi pampu ya galimoto, nayatsa makina pa madzi ofunda kuti mavavu onse awiri atseguke, nayang'anitsitsa pagalasi la chitseko kufikira timitsinje tapinki titayamba kutsetsereka m'kati. Pamenepo amazunguliritsa mgolo mwachangu kwa kanthawi, kuti kapampu kaja kamweko nako, kenaka amazula pulagi n'kusiya chitseko chili chotsegula pang'ono kuopa nkhungu.

Alipo ena amene ntchito yonseyi amaithawa poyendetsa galimoto zao kunka ku Quartzsite m'chipululu cha Arizona, kumene zimasonkhana miyandamiyanda m'mwezi wa Januwale, ndipo ine sindiwaweruza. Amene ndimawamvera chisoni ndi otsala aja okhulupirira mgolo wouma, popeza vavu long'aluka silidontha pamene madzi ali chiundanire, ndipo limadikira kufikira Epulo, tsiku limene mwini wake watsegula mpope mokondwera, kuti likhuthulire madzi kuseri kwa kabati ndi pansi pa matabwa, kumene amaoletsa zinthu mwakachetechete kwa masabata asanaonekere. Wothira mankhwala uja, chisanu chikatha, ntchito yake ndi yochepa: amatsuka mapaipi ndi madzi abwino, nachapitsa makinawo kamodzi ndi sopo popanda chovala m'kati, asanaikemo malaya ake oyera.