Kukhala pakoleji sikuchepetsa mlandu wogwiririra

Wophunzira wa pakoleji akamangidwa pa mlandu wogwiririra, mawu oyamba kumveka amakhala akuti, "Mumuonongera tsogolo mwanayu." Amatero makolo, amatero anzake a m'kalasi, amateronso loya wake, ndipo nthawi zina khoti limamvera. Za tsogolo la mtsikana wochitidwa chipongweyo safunsa aliyense, ngati kuti iye alibe mayeso olemba kapena makolo omuyembekezera.

Taonani zimene zidachitika pa yunivesite ya Stanford ku California, m'dziko la America. Usiku wina mu Januwale 2015, ophunzira awiri ochokera ku Sweden akudutsa pa njinga adapeza mnyamata wa zaka 19, Brock Turner, ali pamwamba pa mtsikana wokomoka kuseri kwa bini ya zinyalala. Iye adathawa, koma adamuthamangitsa, nkumugwira mpaka apolisi adafika. Mboni zinalipo, umboni wa kuchipatala unalipo. Mu Marichi 2016 khoti lidamupeza wolakwa pa milandu itatu, kuphatikizapo wofuna kugwiririra munthu wosadziwa kanthu.

Oimira boma pa mlandu adapempha zaka zisanu ndi chimodzi. Woweruza, Aaron Persky, adagamula miyezi isanu ndi umodzi, ati ndende yaikulu ikadamupweteka kwambiri mnyamatayo. Adakhalamo miyezi itatu yokha nkutuluka. Nyuzipepala zina zinkatanganidwa ndi luso lake losambira. Bambo ake adalembera khoti kuti si bwino moyo wa mwana wawo uonongeke chifukwa cha zinthu za mphindi 20, ndipo adadandaulanso kuti mwanayo sakudya bwino. Mtsikanayo, Chanel Miller, amene adadzaulula yekha dzina lake mu 2019, adadzidzimuka ali m'chipatala, masamba a paini ali m'tsitsi, ndipo tsatanetsatane wa zomwe adamuchita adakamuwerenga pa intaneti. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wa Turner unali dzina la sukulu yake.

Anthu a m'dera la Santa Clara, komwe mlanduwu udaweruzidwira, sadakhale chete. Mu Juni 2018 adaponya voti yomuchotsa Persky pampando, chinthu chimene chinali chisanachitikire woweruza ku California kuyambira 1932. Lamulo lidasinthidwanso mu 2016, kuti wogwiririra munthu wokomoka asamapulumuke ndende.

Ena anena kuti, "Nanga onamiziridwa?" Funso limeneli ndi loona, ndipo sindilizemba. Mu 2006 ophunzira atatu a pa yunivesite ya Duke, osewera masewera a lacrosse, adaimbidwa mlandu wogwiririra mayi wina paphwando. Woimira boma, Mike Nifong, amene nthawiyo ankapikisana nawo pachisankho, adabisa zotsatira za DNA zimene zinkawayeretsa anyamatawo. Mu Epulo 2007 mkulu wa zamalamulo m'chigawo cha North Carolina, Roy Cooper, adalengeza kuti atatuwo ndi osalakwa. Nifong adalandidwa chiphaso cha uloya, nkukagonanso tsiku limodzi m'chitokosi. Koma tazindikirani chimene chidawapulumutsa anyamata a ku Duke. Sudali ukoleji wawo, sikudali kulira kwa makolo. Udali umboni woikidwa poyera, maloya nkuusanthula. Wosalakwa amafuna kafukufuku weniweni monga momwe wogwiriridwa amamufunira. Amene amapindula nkhani ikathera mseri ndi wolakwa yekha.

Nchifukwa chake ndimadana ndi chizolowezi chotengera nkhani zoterezi ku komiti yosungitsa mwambo pasukulu nkuthera komweko. Komiti imeneyi ntchito yake ndi ya obera mayeso ndi ophwanya mawindo a hositelo. Ilibe dokotala, ilibe mphamvu zofufuza ngati apolisi, ndipo mamembala ake amalandira malipiro ku sukulu imene ikuopa kuti mbiri yake iipa. Chilango chachikulu chimene ingapereke ndi kuchotsa munthu sukulu, mawa lake nkukalembetsa kwina, kumene kulinso atsikana. Kuno ku Malawi, gawo 133 la malamulo a Penal Code limati wogwiririra akhoza kulandira chilango cha imfa kapena kukhala m'ndende moyo wake wonse. Mlandu wolemera chotere ungathe bwanji ndi kalata yoimitsa munthu sukulu kwa chaka chimodzi? Ungathe bwanji ndi atsibweni a mbali ziwiri kukhala pansi nkugwirizana za chipepeso?

Ndipo nthawi imene nkhani ikuzungulira m'maofesi a pasukulu, maola akupita. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, amafunika kuyambidwa maola 72 asanakwane. Zovala zikachapidwa ndi mabala akapola, umboni wapita. Apolisi athu ali ndi ma Victim Support Unit, ndipo zipatala zina, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, zili ndi One Stop Centre komwe wodandaula amapeza dokotala, wapolisi ndi mlangizi pamalo amodzi. Koleji iliyonse ilembe m'malamulo ake kuti woyang'anira hositelo kapena mphunzitsi akalandira dandaulo, apereke galimoto tsiku lomwelo ndi kumuperekeza wophunzirayo kumeneko ngati mwiniwake wavomera. Woganiziridwayo achotsedwe m'hositelo podikira mlandu, mtsikanayo asamakumane naye pamzere wa nsima.