Sukulu ya kanema si kuonera kanema

Mwezi wa June ukafika, ku Angónia anthu amakhala kalikiliki kututa chimanga, ndipo m'mawa uliwonse amayamba aothera moto chifukwa cha chisanu cha kumapiri. Ku Maputo nako June ndi mwezi wokolola, koma zokolola zake n'zina. Ndi nthawi imene semesita yoyamba ikutha m'masukulu a ukachenjede, ndipo ophunzira amayenda maso ali psuu chifukwa chosagona.

Pakati pa ophunzira amenewa pali mtsikana wina wochokera kufupi ndi Ulónguè, amene ali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a kanema. Kwawo anthu akamva zimenezi amaseka. Ena amafunsa bambo ake kuti kodi ndalama za kachewere zimene amatumiza mwezi ndi mwezi n'zolipirira mwana kuti azingokhala pampando kuonera mafilimu a karate? Bambowo sayankha, pakuti nawonso funso lomwelo limawasowetsa tulo. Mwana wa mnansi wawo anapita ku unamwino, ndipo aliyense akudziwa kumene adzagwire ntchito. Nanga wa kanemayu adzalowera kuti?

Kuonera mafilimu kulipo ndithu, koma ndi kuonera kotopetsa. Mphunzitsi amaika filimu yakale yopanda mawu, monga Battleship Potemkin imene Sergei Eisenstein anapanga mu 1925, nafika pamene asilikali akuombera anthu pa masitepe a ku Odessa. Pamenepo amaimitsa, kubweza, kuimitsanso, mpaka ophunzira atawerenga kuti chithunzi chadulidwa kangati, ndiponso atafotokoza chifukwa chake nkhope ya mayi yaikidwa pafupi ndi nsapato za asilikali. Sekondi imodzi ya filimu imakhala ndi zithunzi 24, ndipo wophunzira amayenera kudziwa chimene wopanga filimu anafuna pa sekondi iliyonse. Akatuluka m'kalasi amakalemba masamba asanu m'Chipwitikizi. Mtsikanayu anayamwa Chichewa, Chipwitikizi anachipeza kusukulu, mabuku ena abwino a kanema ali m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, ndipo mu shapa kondakitala amamukalipira m'Chishangana. Tsiku limodzi mutu wake umasenza zinenero zisanu.

Phunziro limene limamulimbitsa mtima ndi la mbiri ya kanema wa dziko lino, ndipo ndi mbiri imene achinyamata ambiri sakuidziwa. Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma la Samora Machel silinachedwe kukhazikitsa Instituto Nacional de Cinema ku Maputo. Kumeneko ankapanga Kuxa Kanema, filimu ya nkhani ya mphindi pafupifupi 10, imene inkaonetsedwa m'nyumba za kanema ndiponso kutengedwa pa magalimoto kupita kumidzi. Akuluakulu ena owerenga tsamba lino adzakumbukira nsalu yoyera itapachikidwa pabwalo, jenereta ikulira, ana atakhala pansi pakamwa pali yasa. Mu 1978 akatswiri awiri a ku France, Jean Rouch ndi Jean-Luc Godard, anabwera kudzagwira ntchito ku Maputo. Ruy Guerra, amene anabadwira ku Lourenço Marques natchuka ku Brazil, anabwerera kudzapanga Mueda, Memória e Massacre, yonena za kuphedwa kwa anthu ku Mueda pa 16 June 1960. Kenako nkhondo inatseka misewu, ndalama zinatha, ndipo mu 1991 nyumba ya Instituto ija inapsa ndi moto. Nyumba zambiri za kanema zinatsekedwa, zina zinasanduka matchalitchi.

M'kalasi ophunzira amatsutsana kwambiri za Kuxa Kanema. Ena amati anali mawu a boma chabe, pakuti Samora ndiye ankadzaza nsalu. Ena amati ngakhale zinali choncho, kameneko kanali koyamba kuti mlimi wa ku Mozambique adzione nkhope yake pa kanema, osati nkhope ya mzungu wokwera hatchi. Onse awiri akunena zoona, ndipo mphunzitsi wanzeru amawasiya akangane mpaka belu.

Koma chimene chikuwonditsa mtsikanayu June ameneyu si mbiri ayi. Ndi filimu ya mphindi 7 imene gulu lake la anthu asanu liyenera kupereka semesita isanathe. Mphindi 7 zimamveka ngati masewera kwa munthu amene sanagwirepo kamera. Kamera yabwino ndi imodzi, magulu ndi ambiri, choncho gulu lililonse limapatsidwa masiku awiri. Mvula ikagwa pa masiku amenewo, kapena wosewera wamkulu akapita kumaliro, palibe wokubwezera. Osewera salipidwa, koma sangagwire ntchito ndi njala, ndiye kuti mpunga ndi nyemba za anthu 12 zimachoka m'thumba la ophunzira omwewo. Apa ndi pamene ndalama ya kachewere imathera.

Ndipo chimene chimagwetsa ophunzira ambiri si chithunzi, koma mawu. Diso limakhululuka chithunzi chodera pang'ono, koma khutu silikhululuka. Wosewera akhoza kulira misozi yeniyeni, koma ngati nthawi yomweyo tambala walira kuseri kwa mpanda, kapena mnansi watsegula wailesi, ntchito yonse yawonongeka. Gulu la mtsikanayu linajambula mbali imodzi kasanu ndi kamodzi chifukwa cha njinga yamoto imene inkangodutsadutsa. Pamene njingayo inaleka, dzuwa linali litapendeka, ndipo mthunzi sunkagwirizananso ndi wa m'zithunzi za m'mawa.

Poyamba mtsikanayu ankafuna kujambula Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Amalume ake atamva anangoyankha mwachidule kuti kamera siilowa kudambwe, ndipo mwana wamkazi ayiwale. Iye anakwiya masiku awiri, kenako anaona kuti amalumewo anena zomwe mphunzitsi amanena tsiku ndi tsiku, kuti munthu sajambulidwa asanavomere, ndipo chinsinsi cha eni ake sichigulitsidwa kuti upeze malikisi.

Ndiye anatembenukira ku nkhani ya agogo ake aakazi. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo itafika ku Angónia ndi ku Tsangano, anthu ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Malawi inkasunga anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Agogowo anaoloka usiku, mwana kumbuyo, mphika pamutu, nakakhala kwa achibale a mtundu womwewo tsidya lina la msewu, akuona phiri la kwawo tsiku ndi tsiku koma osatha kupitako kukalima. Anabwerera mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992. Mtsikanayu anasankha usiku umodzi wokha, usiku wooloka, ndi anthu awiri okha, mayi ndi mlongo wake wokana kusiya ng'ombe.

Apa ndi pamene mkangano unabuka m'gulu. Iye anati filimuyo ilankhule Chichewa. Anzake anati ku Maputo adzamva ndani, ndipo osewera adzapezeka kuti? Iye anawakumbutsa za Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene mu 1968 anapanga Mandabi m'Chiwolofu kuti anthu a kwawo amve popanda womasulira. Anawakumbutsanso kuti nkhani za kumpoto kuno zinafikapo kale pa nsalu yaikulu, pakuti Comboio de Sal e Açúcar ya Licínio Azevedo, ya mu 2016, ikunena za sitima yochoka ku Nampula nthawi ya nkhondo, yonyamula anthu opita ndi mchere kukasinthanitsa ndi shuga wa ku Malawi. Anzakewo anagonja, koma anamuuza kuti osewera asake yekha. Anawapeza: mayi wina wogulitsa pamsika wochokera ku Macanga, ndi mlonda wina wa ku Tsangano amene ankabwera kudzajambulidwa atachoka ku ntchito ya usiku, akusinza.

Chovuta china chinatulukira pomasulira mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi. Mizere ndi iwiri yokha, ndipo imakhala masekondi ochepa. Mayi uja akamuuza mlongo wake kuti “Achimwene, tiyeni,” Chipwitikizi chimapereka tanthauzo koma chimataya ulemu wonse umene uli mu “a” ndi mu “-ni”. Nanga “pepani” wa pamaliro angalembedwe bwanji? Mtsikanayu anakhala usiku wonse pa mizere 30, ndipo mpaka lero sakhutira nayo.

Kulumikiza zithunzi kumachitika pa kompyuta yobwereka, m'kachipinda ka lendi kamene amakhala ndi anzake awiri. Magetsi a Credelec akatha pakati pa usiku, amasonkherana timakobiri kuti agule ena pa foni. Pambali pa filimuyo pali mayeso a maphunziro ena anayi. Malikisi amawerengedwa kuyambira 0 mpaka 20, ndipo wosafika pa 10 wagwa. Mayeso olemba munthu angathe kuwabwereza atawerenga masiku atatu, koma filimu siingaphikidwe usiku umodzi. Kugwa ndiye kuti chaka china cha lendi, cha shapa, ndi cha matumba ena a kachewere, kwa bambo amene fetereza amagula pa ngongole.

Sabata yatha bambowo anaimba foni. Anafunsa za umoyo, za chisanu cha kumeneko, kenako anafika pa mutu weniweni.

“Mwana wanga, ukamaliza zimenezi, ntchito yake ndi yotani?”

“Ababa, ilipo. Ku wailesi ya kanema, kumabungwe, ngakhale kujambula maukwati.”

Sananame, koma sananene zonse. Malo ku TVM ndi ku STV ndi ochepa, mabungwe amaitana wojambula pamene ali ndi ndalama, ndipo opanga mafilimu aakulu m'dziko lino kawirikawiri amadikira zaka kuti apeze thandizo lochokera kunja. Mickey Fonseca anatenga zaka zambiri akusonkhanitsa ndalama kuti apange Resgate, imene inatuluka mu 2019 n'kulowa pa Netflix mu 2020. Ambiri omaliza maphunzirowa amadya za maukwati, za malonda ndi za mavidiyo a oimba, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo, kungoti kholo liyenera kudziwiratu lisanagulitse ng'ombe.

Bambowo anakhala chete kanthawi. Kenako anafunsa kuti filimuyo ikunena za chiyani. Atamva kuti ndi za usiku umene amayi awo anaoloka, ndiponso kuti mwana wa kumbuyo uja ndi iwo amene, anatsokomola, nati foni yatsala pang'ono kutha ndalama. Asanadule anati pa tchuthi cha December abwere nayo, agogo aione maso asanatheretu.

Lachisanu m'mamawa mtsikanayu anakwera shapa yoyamba, filimu ili m'kachikwama katatu, pa flash ziwiri ndi pa foni, poopa kuti imodzi ingakane kutseguka. Yakwana mphindi 7 ndi masekondi 40, ndipo sakudziwa ngati mphunzitsi adzakhululukira masekondi 40 amenewo. Pa mphindi yachinayi tambala uja akumvekabe chapatali. Zotsatira zidzapachikidwa pakhoma pakatha sabata ziwiri.