Mwana Akajomba, Amaona Ndani?

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo cha kummwera, ndipo madzi osakanikirana ndi matope ndi miyala anatsika m'phiri la Mulanje nasesa midzi ya kwa Nkhulambe m'boma la Phalombe. Chipatala cha Nkhulambe chinaonongeka, miseu ndi milatho inaduka, kotero kuti kwa masiku angapo thandizo linkafika movutikira kwambiri. Akuluakulu a m'bomalo anakumbukira Napolo wa mu Malichi 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi napha anthu mazanamazana. Boma linatseka sukulu m'maboma okhudzidwa. Zina zinali zitagumuka, zina zinasanduka misasa ya anthu osoŵa pogona.

Pamene sukulu zinatsekulidwanso, maso a anthu ambiri anali pa zipinda, mabuku ndi madesiki, ndipo zimenezo n'zoyenera. Komatu mphunzitsi amene anaimirira pamaso pa ana m'maŵa umenewo anali ndi ntchito yoŵaŵa kuposa kukokolola matope: kutsekula kaundula ndi kuitana maina. Dzina likaitanidwa popanda woyankha kuti "Ndilipo, aphunzitsi," mafunso ankabwera okha. Kodi mwanayu wasamukira kwa abale? Kodi waolokera ku Mozambique kukachita ganyu? Kodi akadali kumsasa, kapena anapita ndi madzi? Mphunzitsi wodziŵa mwanayo, mudzi wake ndi amalume ake, ankadziŵa khomo loyamba kugogoda. Wongodziŵa chiŵerengero cha kalasi analibe poyambira.

Khalidwe la sukulu limaonekera pamenepa. Sukulu ikhoza kukhala ndi malata atsopano ndi maluŵa m'mbali mwa njira, koma ngati mwana angathe kujomba milungu iŵiri popanda munthu wofunsa za iye, sukuluyo ikudwala. Ndipo matendaŵa sachita kudikira namondwe. Nthaŵi ya njala, nthaŵi yokolola nandolo, ngakhale tsiku lamsika, ana amasoŵa m'kalasi mmodzimmodzi, mwakachetechete.

Si chilungamo kuloza chala aphunzitsi okha. Pamene boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa mamiliyoni osakwana aŵiri kufika pafupifupi mamiliyoni atatu m'kanthaŵi kochepa, ndipo aphunzitsi zikwizikwi analembedwa ntchito asanapite kukoleji. Kuyambira pamenepo, kalasi ya ana zana limodzi inaleka kudabwitsa anthu m'sukulu zambiri za kumudzi. Munthu mmodzi sangasunge nkhope zana pamodzi ndi mavuto ake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo n'chifukwa chake ubale wa mphunzitsi ndi mwana umayambira pa ubale wa aphunzitsi okhaokha.

Pasukulu pamene aphunzitsi amangokumana pa bukhu losainira, zimene mphunzitsi wa Sitandade 4 akudziŵa za mwana zimathera mwa iye yekha. Chaka chamaŵa mnzake wa Sitandade 5 amayambira pachabe: sadziŵa kuti uyu samva bwino khutu limodzi, uyo amalera abale ake chifukwa mai anamwalira, winayo amanjenjemera mitambo ikangoda kuphiri. Tsono amamukalipira mwana wogontha kuti ndi wamwano, ndi wamasiye kuti ndi waulesi. Mphindi khumi zokambirana pansi pa mtengo zikanaletsa zonsezi.

Udindo waukulu uli pa mphunzitsi wamkulu. Iye akamadzudzula mphunzitsi pamaso pa ana, ana amaphunzira kuti wamphamvu ali ndi ufulu wochititsa manyazi wochepa, ndipo phunziro limenelo amakalichita pabwalo kwa anzao ofooka. Taganizirani za mphunzitsi wachinyamata amene wangotuluka kumene ku koleji ya aphunzitsi ya Phalombe kapena ina iliyonse, natumizidwa kudera la pafupi ndi malire ngati Nkhulambe, kutali ndi kwao, pakati pa Alomwe amene miyambo yao saidziŵa. Akalandiridwa, nasonyezedwa nyumba, naperekezedwa kukaonekera kwa amfumu, amakhazikika. Akangopatsidwa choko ndi kalasi yaikulu kuposa onse, mtima wake umakhala pa kalata yopempha kusamuka, ndipo ana amazindikira msanga mphunzitsi amene thupi lili pano koma mtima uli kwina.

Alipo ena amene amati mphunzitsi akayandikana ndi ana ulemu umatha, ndipo kuti mkwapulo ndiwo unaumba anthu ophunzira a makedzana. Mau ameneŵa amanenedwa ndi amene anapirira mkwapulowo nafika patali; amene anathaŵa sukulu chifukwa cha iwo safunsidwa maganizo. Mantha amakhalitsa chete kalasi, koma mwana wamantha sauza mphunzitsi kuti kunyumba akumukakamiza ukwati. Malamulo a dziko kuyambira 2017 saloleza ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka ali ndi mwai wobwerera kusukulu. Koma lamulo silimulonjera mtsikanayo pakhomo la kalasi. Mphunzitsi akangomutchula kamodzi kuti "amai" moseka, kalasi yonse igwira dzinalo, ndipo Lolemba lotsatira mpando wake udzakhala wopanda munthu.

Pali chinthu chimodzi chimene otsutsaŵa akunena zoona: kuyandikana kuli ndi malire. Mphunzitsi amene amatuma atsikana kukamuphikira kunyumba, kapena kufunsira mwana wa sukulu, waononga chikhulupiriro chimene anzake anamanga kwa zaka zambiri. Aphunzitsi amene amabisa mnzao wotere poti "ndi mnzathu" sakusunga ubale ai, akugulitsa ana. Umodzi weniweni wa aphunzitsi ndi umene umatha kumuitana mnzao pambali nkhani isanakule, ndi kukanena kwa akuluakulu a maphunziro ikakula.

Zofunika kuchita sizilira ndalama za mabungwe. Aphunzitsi angathe kugaŵana midzi yozungulira sukulu, kuti aliyense akhale ndi midzi yake imene akudziŵa makolo ndi nyakwaŵa zake. Lachisanu lililonse maina a ana amene ajomba masiku atatu otsatizana aŵerengedwe pamaso pa aphunzitsi onse, ndipo aperekedwe kwa komiti ya sukulu ndi gulu la amai oyang'anira atsikana. Anyamata ndi atsikana amene anatsiriza Folomu 4 ndipo ali pamudzi kudikira mwai, iwonso ali ndi gawo: amadziŵa njira zachidule za kumidzi, amadziŵa amene wapita kunyanja ya Chilwa ndi amene akufunsiridwa, ndipo mwana amaulula kwa mkulu wake zimene sangaulule kwa aphunzitsi. Dzina likaŵerengedwa Lachisanu, pofika Lamulungu madzulo wina akhale atafika pakhomo pa mwanayo.