Adzalipira Ndani Madzi a ku Mwanza?

Wolemba Mtolankhani Wathu

Boma la Mwanza lidziwika m'dziko muno ndi zinthu ziwiri, ndizo manachesi ake ndi chipata cha m'malire chimene magalimoto a katundu alowera pochokera ku Tete ndi ku Beira. Koma chilipo chinthu chachitatu chimene Mwanza atumiza kwa anansi ake tsiku ndi tsiku popanda wochilemba m'buku, ndicho madzi. Mtsinje wa Mwanza utsika m'mapiri a bomali kunka ku Chikwawa kumene ukathira mu Shire, ndipo Wamkulumadzi, umene utenga madzi ake m'mapiri a Neno ndi Mwanza, ukalowa mu Shire kumtunda kwa mathithi a Kapichira. Kotero chimene chichitika pa mitunda ya Mwanza chimveka kumene apangira magetsi ndi ku minda ya kuchigwa komwe.

Nyuzipepala ino ikhulupirira kuti nthawi yakwana yoti tifunse poyera funso limene ambiri amalizemba: kodi ndalama zosamalira madzi amenewa zidzachokera kuti, ndipo adzazisunga ndani?

Nyengo yasintha

Palibe mlimi wa kwa Kanduku, kwa Nthache kapena kwa Govati amene afunika kuuzidwa ndi munthu wa sukulu kuti mvula siigwanso monga kale. Zaka khumi zapitazi zatiphunzitsa mokwanira. Mu Januwale 2015 kunasefukira madzi m'chigawo cha kumwera, ndipo chaka chotsatira kunagwa chilala. Mu Malichi 2019 kunabwera namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko ndi kutaya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu ochuluka ndi kugumula midzi, ndipo Mwanza anali limodzi la maboma amene Boma linalengeza kuti agwa m'ngozi. Tisanapume, mvula ya 2023 mpaka 2024 inadula, ndipo mu Malichi 2024 Boma linalengezanso ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino.

Awerengi athu aone kuti masoka awiriwa, madzi ochuluka ndi madzi osowa, ali ndi muzu umodzi. Mvula imene kale inali kugwa pang'onopang'ono miyezi inayi kapena isanu, tsopano ikhuthuka masiku owerengeka. Ikagwa pa phiri la mitengo, masamba ndi mizu ziigwira, nilowa pansi, nidzatuluka m'kasupe ndi m'chitsime mwezi wa Okutobala. Ikagwa pa phiri lometedwa, ithamanga pamwamba, nikokolola dothi, nikatsitsa mchenga mu mtsinje. Mtsinje wodzala mchenga usefukira msanga dzinja ndipo uphwa msanga chilimwe. Ndi chifukwa chake anthu a ku Chikwawa aopa mtsinje wa Mwanza m'mwezi wa Januwale, pamene amayi a kumtunda afukula mchenga wa mtsinje womwewo kufuna madzi akumwa m'mwezi wa Novembala. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ife tionjeza kuti saiwalanso amene anadula mitengo ya m'khwawamo.

Aliyense woyenda pa msewu wa Mwanza kunka ku Blantyre aona matumba a makala ali ndanda m'mbali mwa njira. Nkhalango ya Thambani ndi mitunda yozungulira zalipira mtengo wa moto wophikira wa m'tauni. Lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo tiyamika Boma pa ichi. Komabe wootcha makala saotcha chifukwa cha chidani ndi mitengo, aotcha chifukwa thumba la makala ndilo ndalama imene ali nayo pafupi. Chilango pachokha sichidzabweza kasupe ngati munthuyo alibe pena popezera sopo ndi mchere.

Phunziro la Chingale

Dziko lino si lachilendo pa ntchito ya madzi. Mu 1968, ku Chingale m'boma la Zomba, kunayamba ntchito ya mipope ya madzi otsika okha kuchokera m'mapiri. Boma ndi abwenzi ake anapereka mapaipi ndi amisiri, anthu a m'midzi anakumba ngalande ndi makasu awo popanda malipiro, nasankha makomiti oyang'anira mipope. Ntchitoyi inafalikira ku Mulanje ndi madera ena, ndipo alendo a m'maiko akutali anabwera kudzaphunzira. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1980, amisiri ogwira ntchito m'dziko muno ndi ku Kenya anathandiza kupanga mjigo wa mtundu wa Afridev, umene anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuumasula ndi kusintha mphira zake popanda kudikira galimoto la Boma.

Nzeru ya makolo athu pa ntchito ziwirizi inali imodzi: chinthu chimene munthu wachikhetsera thukuta achisamala. Tsono chimene chatayika masiku ano ndi nzeru yomweyi. Tsiku lotsegulira mjigo watsopano kumakhala magule ndi malankhulidwe, koma tsiku limene mphira yatha kapena ndodo yachitsulo yathyoka sikubwera munthu. Ofufuza apeza kuti mu Africa muno, kumwera kwa chipululu cha Sahara, pafupifupi mjigo umodzi mwa inayi kapena isanu umakhala wakufa pa tsiku lililonse. Yambiri mwa imeneyi siinafe chifukwa madzi anatha pansi ai, inafa chifukwa cha kachipangizo kamene mtengo wake supambana wa nkhuku zingapo.

Tiyeni tiwerenge. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 130,000 m'boma la Mwanza. Muyeso umene Boma litsata ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu 250. Ngati anthu onsewa akadamwa pa mijigo, pakadafunika mijigo yoposa 500, ndipo uliwonse ufuna mphira zatsopano ndi kuunikidwa chaka ndi chaka. Ndalama imeneyi siidzatha kufunika, ndipo siingadikire mlendo wachifundo. Chiyambire Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, mtengo wa mapaipi, mankhwala oyeretsera madzi ndi zipangizo zina zochokera kunja unakwera kwambiri. Komiti imene ikusonkhetsabe ndalama ya kale ikudzinyenga yokha.

Matumba atatu

Ife tiona kuti ndalama za madzi a ku Mwanza ziyenera kuchokera m'matumba atatu, ndipo thumba lililonse likhale ndi ntchito yake.

Loyamba ndi la mudzi. Banja lililonse lotunga pa mjigo lisonkhe kangachepe mwezi ndi mwezi, kapena pa nthawi yokolola pamene manachesi ndi nandolo zagulidwa. Ndalamayo ilembedwe m'buku, iwerengedwe pa bwalo pamaso pa a mfumu, ndipo isungidwe kumene msungichuma sangaitenge yekha. Pali ena amene anena kuti madzi ndi mphatso ya Mulungu ndipo sayenera kugulitsidwa. Mauwa ali ndi choonadi ndithu, ndipo nkhalamba, amasiye ndi olumala mudzi uwakhululukire monga mwambo wathu unenera. Koma Mulungu anapereka madzi, sanapereke paipi. Chimene banja lilipira ndi mphira, ndodo ndi thukuta la mmisiri wokonza. Ndipo wosauka ndiye avutika koposa mjigo ukafa, pakuti wolemera agula madzi, pamene mwana wa wosauka amwa a m'dambo. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatisonyeza mtengo weniweni wa madzi onyansa.

Lachiwiri ndi la khonsolo ndi mabungwe a Boma. Kuyambira 2006 pali thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, ndipo mijigo yambiri yakumbidwa ndi ndalama za mtundu umenewu. Tipempha kuti khonsolo ya Mwanza, isanavomereze mjigo watsopano, iyambe yafunsa kuti yakufa ilipo ingati ndipo kuiukitsa kungadye zingati. Kawirikawiri ndalama ya mjigo umodzi watsopano ingadzutse yakale ingapo. Pakumbidwenso potsata uphungu wa akatswiri odziwa za madzi a pansi, pakuti mjigo wokumbidwa mosazama m'nyengo ya dzinja, pofuna kukondweretsa anthu msanga, uuma chaka choyamba cha chilala. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti lizipereka zilolezo ndi kusunga kaundula wa madzi a dziko. Okumba onse, a mipingo ndi a mabungwe achifundo omwe, adzere khomo limeneli.

Pa boma penipeni madzi a m'mipope ali m'manja mwa Southern Region Water Board, limodzi la mabungwe asanu a madzi amene ayendetsedwa ndi lamulo la 1995. Tauni ya Mwanza ikukula chifukwa cha malonda a m'malire, ndipo kukula kwa tauni kufuna mathanki ndi mapaipi atsopano. Bungwe lotere likhala ndi moyo ndi mabilu olipidwa. Si chinsinsi kuti kwa zaka zambiri mabungwe a madzi adandaula ndi ngongole za maofesi ndi nthambi za Boma. Apa tilankhula ndi inu, mabwana ndi madona a m'maofesi, amene musunga mabuku a ndalama: bilu ya madzi ikagona m'kabati, paipi yophulika ku msika igonanso osakonzedwa.

Lachitatu ndi la iwo amene apindula kumunsi, pamodzi ndi maiko olemera. Madzi oyera ndi osadukiza a Shire ndiwo chuma cha kampani yopanga magetsi ya EGENCO ku Kapichira, ndiponso cha ntchito yaikulu ya ulimi wothirira ya m'chigwa cha Shire imene itenga madzi pa malo omwewo kunka ku Chikwawa ndi Nsanje. Mchenga ukadzaza damu, ndalama zambiri zithera pa kuuchotsa. Kodi sikungakhale kwanzeru kuti kagawo kochepa ka ndalama za magetsi ndi za nzimbe kabwerere kumtunda, kukalipira midzi imene isunga nkhalango, ibzala mitengo ndi vetiva m'mbali mwa mitsinje, ndi kukumba migula yogwira madzi m'minda? Mudzi umene ulandira malipiro chifukwa phiri lake lili ndi mitengo udzathamangitsa wokha wootcha makala. Konza kapansi kuti kam'mwamba katsike; pano tinganene kuti konza kumtunda kuti kumunsi kukhale mtendere.

Za maiko akunja

Dziko la Malawi litulutsa utsi wochepa kwambiri mwa umene watenthetsa dziko lapansi, kotero Boma lichita bwino kuumirira pa misonkhano ya maiko kuti oononga alipire. Ku Sharm el-Sheikh mu 2022 maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lolipira zoonongeka ndi kusintha kwa nyengo, ndipo ku Dubai mu 2023 malonjezo oyamba anafika pafupifupi madola 700 miliyoni. Koma kafukufuku wa Boma ndi abwenzi ake anapeza kuti kukonzanso zimene Freddy yekha anaononga m'Malawi muno kunafunika madola pafupifupi 680 miliyoni. Ndiye kuti malonjezo oyamba a dziko lonse lapansi akadathera pa namondwe mmodzi m'dziko limodzi laling'ono. Mu 2025 tinaonanso bungwe la thandizo la America la USAID likutsekedwa mwadzidzidzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Thandizo la kunja likabwera lilandiridwe, ndipo lipite ku ntchito zazikulu zimene mudzi sungathe, monga madamu osungira madzi a dzinja, mathanki ndi mipope yopopedwa ndi mphamvu ya dzuwa. Koma ngakhale ndalama zimenezi zipita kumene kuli mabuku olongosoka, pakuti wopereka afunsa manambala asanatsegule thumba.

Apa ndi pamene aphunzitsi athu ali ndi gawo lalikulu. Sukulu iliyonse ya ku Mwanza ingathe kukhala ndi choyezera mvula ndi kabuku kolembamo tsiku lililonse, ndipo ana a Sitandade 7 ndi 8 angaphunzire masamu awo pa mvula ya kwawo. Mphunzitsi wamkulu angathe kulemba tsiku limene mjigo wa pa sukulu unafa, chimene chinathyoka ndi tsiku limene unakonzedwa, natumiza ku ofesi ya madzi ya pa boma kumapeto kwa teremu. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi achite chimodzimodzi m'midzi imene ayendera. Zaka zisanu za mabuku otere zidzapatsa Bwanamkubwa ndi makhansala ake chida chimene sangakanidwe nacho ku Lilongwe kapena kunja.

Masomphenya a Malawi 2063 anena za mtundu wodzidalira. Ku Mwanza kudzidalira kumeneku kuyambe ndi zinthu zitatu mvula ikudzayi isanagwe: komiti ya mjigo uliwonse iwerenge buku lake pa bwalo, ofesi iliyonse ya Boma ilipire bilu yake ya madzi, ndipo khonsolo ikhale pansi ndi iwo a kumunsi kukambirana za mtengo wosungira mapiri.