Wosewera akachoka, tifunse chomwe chauma

Pomwe tinkayeserera uphunzitsi kufupi ndi doko la Kachulu, timu ya basiketibo ya pasekondale ina yoyendera inataya osewera ake odalirika. Onse anasamukira kusukulu za m'tauni ya Zomba. Aphunzitsi ankawanena kuti ndi osayamika. Ife tikukana.

Nyanja ya Chilwa itauma mu 1995, asodzi anakasaka nsomba kwina, ndipo palibe anawadzudzula. Madzi atabwerera, iwonso anabwerera. Nanga mwana woponyera mpira mumkombero wa njinga wokhomedwa pamtengo, tingamuletse bwanji kupita komwe kuli bwalo la simenti?

Aphunzitsi a mawafe tisamadalire ana asanu okha. Tiziyamba kusula a Fomu 1 teremu yoyamba, tikonzenso bwalo. Otsalawo akufunikanso timu.